Tepi ya Maina a Matchona

Anthu a kuno kwa Msakambewa amati ndinali kalaliki ku Halale. Sindiwatsutsa, chifukwa ntchito imene ndinagwira kumeneko ilibe dzina m'mudzi muno, ndipo ndikayamba kuifotokoza anthu amayang'ana kumbali. Ndinkasamala makina a kompyuta pa kampani ina yogulitsa zipangizo za ulimi. Makinawo anabwera a mitundu itatu ine ndikuona, ndipo mtundu watsopano uliwonse unkachotsa anthu pa ntchito, mpaka unafika pa ine.

Ndinachoka nditangokwatira Nachisale, iye ali woyembekezera. Ndinali nditamaliza Sitandade 8 pa sukulu ya mishoni ndipo ndinkafuna uphunzitsi, koma malo sanapezeke. Tsiku lonyamuka anandisenzera chikwama mpaka pamsewu.

"Mwati zaka ziwiri?" anandifunsa.

"Ziwiri basi. Tikhome malata, ndibwerere."

Anatula chikwama n'kubwerera osacheuka. Zaka ziwirizo zinakhala makumi awiri, ndipo m'zaka zonsezo ndinabwera kudzacheza kanayi kokha.

Ku Halale ndinayamba ndi kunyamula katundu m'nyumba yosungiramo zipangizo: mapampu, makasu a mathirakitala, mabokosi a mabawuti olemera ngati miyala. Tinkagona pakomboni ya kampani, amuna anayi chipinda chimodzi, mpopi umodzi wa tonse. Kumeneko Mmalawi aliyense ankatchedwa Achimwene, kaya ndi nkhalamba kaya ndi mnyamata, ndipo nthawi zina dzinalo linkatuluka ndi chipongwe.

Amene anandichotsa m'mabokosi anali a Lameki. Anandipeza Lamulungu lina ndikuchapa malaya pampopi, ndikuimba chapansipansi nyimbo ya kutchalitchi. Anaima kumbuyo kwanga n'kulandira besi mpaka ndime inatha.

"Mphwanga, kwanu n'kuti?"

"Ku Dowa, kwa Msakambewa."

"Ine kwathu ndi ku Malomo, ku Ntchisi. Ndiye kuti tonse ndife a kumapiri. Chizungu umawerenga?"

"Ndimawerenga."

"Kuzizira umakuopa?"

Ndinaseka. "Munthu wa ku Dowa?"

"Mawa uvale juzi."

M'mawa mwake anandilowetsa m'chipinda chozizira ngati kuno mwezi wa Juni. Munali makabati achitsulo asanu ndi imodzi ataima mzere, akung'ung'uza, ndipo pa ena pankazungulira matepi aakulu ngati mbale. Onsewo pamodzi anali kompyuta imodzi. M'kati mwake munali pulogalamu yaikulu imene inkalamula zonse: ntchito iti iyambe, iti idikire, tepi iti iikidwe. Ife tinkaitcha sisitemu. Sisitemu yoyambayo inkagwira ntchito imodzi pa nthawi imodzi, ndipo inalibe manja. Manja ake tinali ife. Ikafuna tepi inkalemba papepala, ife n'kuthamanga kukaitenga pashelefu.

Chilichonse cholowa m'makinawo chinkayamba chabooledwa pa makadi. Chipinda choyandikana nacho munkakhala amayi asanu ndi atatu amene ankaboola makadiwo tsiku lonse, ndipo ine ntchito yanga yoyamba inali kunyamula mabokosi a makadi kupita nawo kwa a Lameki. Sabata yachiwiri ndinapunthwa pachitseko, makadi a bokosi lonse n'kumwazika pansi. Khadi limodzi likasokonekera malo, ntchito yonse inkawonongeka. Ndinaima chilili, ndikuganiza za basi yobwerera kwathu.

A Lameki anatseka chitseko, nagwada pansi.

"Usanjenjemere. Taona m'mbali mwa makadimu."

Anali atajambula mzere wopingasa ndi cholembera pamwamba pa mulu wonsewo, monga ankachitira ndi bokosi lililonse. Tinasanja makadiwo mpaka mzere unawongoka. Bwana atafunsa chimene ntchito yachedwera, iwo anati tepi inavuta. Chizungu sankachiwerenga bwino, koma makinawo ankawadziwa ndi makutu. Ankatha kunena kuti tepi iduka isanaduke.

Kunyumba ndinkatumiza zimene ndikanatha: malata aja, mabulangete, kenako makina osokera. Makalata ankakhala a mvula ndi mbuzi basi. Masiku amenewo munthu sunkalemba zambiri, chifukwa sunkadziwa amene awerenge kalata yako isanafike kwa mwiniwake. Ndikabwera kudzacheza ndinkayamba ndagula khadi la chipani, kenako n'kukhala mwezi umodzi ngati mlendo wolemekezeka. Mwana wanga woyamba, Esinati, ankabisala kuseri kwa nkhokwe ndikamuitana.

Makina achiwiri anabwera nkhondo ya m'dzikomo itangotha. Anali kabati imodzi yokha, koma sisitemu yake inkatumikira anthu ambiri nthawi imodzi. Kalaliki aliyense anapatsidwa galasi lake lolembapo zilembo zobiriwira ndi mabatani ake, ndipo ankalowa ndi dzina lake ndi mawu achinsinsi. Makinawo ankagawa nthawi yake mofulumira kwambiri mwakuti aliyense ankayesa kuti akutumikiridwa yekha. Nthambi za kampani za ku Bulawayo ndi ku Mutare zinalumikizidwa kudzera pa waya wa telefoni. Munthu ali ku Mutare ankadziwa kuti pampu yakuti ilipo ku Halale popanda kufunsa aliyense.

Makadi anathera pamenepo. Amayi asanu ndi atatu aja anachoka tsiku limodzi. Mmodzi anaiwala katsamiro kake pampando, ndipo kanakhala pomwepo miyezi ingapo chifukwa palibe amene ankafuna kukachotsa.

Ine ndinachita mantha, ndipo mantha anandiphunzitsa. Ndinkabwereka buku lochindikala la sisitemu yatsopanoyo n'kumaliwerenga Lamulungu masana pansi pa mtengo wa pakomboni, ndikukopera malamulo ake m'kope la ana asukulu. Patapita nthawi ndinali ndine wolembetsa makalaliki atsopano ndi kuwatsegulira akaiwala mawu awo achinsinsi. A Lameki zinawakanika. Maso anali atayamba kufooka, ndipo zala zawo zinkagunda mabatani awiri nthawi imodzi. Anawasiyira ntchito ya matepi, yokopera zonse za tsikulo kuti moto kapena ngozi ikagwa zisatayike.

"Awa salankhula," anandiuza tsiku lina, dzanja lili pakabatiyo. "Akale aja akadwala ankabuula. Awa adzangofa osatsanzika."

Munthu amene anandiphunzitsa ntchito tsopano ankandifunsa ine chochita. Ankachita zimenezo mosadandaula, koma ine zinkandiwawa, ndipo pamaso pa anthu ndinkayesetsa kuti zioneke ngati ndikufunsa ndine.

Makina achitatu anabwera tsitsi langa litayamba kuyera. Anabwera nawo mayi wina wophunzira kwambiri za makompyuta, Mayi Shumba, amene kampani inamulemba kuti asinthe zonse. Anaika bokosi lofika m'maondo pansi pa tebulo la mu ofesi wamba.

"Iyi ndi seva," anatero.

Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna kuona zotsalazo. Kunalibe zotsala. Kalaliki aliyense tsopano anali ndi kakompyuta kakekake padesiki, ndipo timakompyuta tonseto tinalumikizidwa ndi waya wodutsa kudenga kukafika pa bokosi lija. Sisitemu ya sevayo inkasunga mafayilo a onse, inkadziwa amene aloledwa kutsegula chakuti ndi amene saloledwa, ndipo inkapanga yokha mzere wa ofuna kusindikiza. Sinkafuna chipinda chozizira. Zokopera za tsiku lonse zinkakwana pa kakaseti kolowa m'thumba la malaya. Munthu mmodzi ankatha kuisamala yekha, ndipo munthuyo sanali ine.

A Lameki anauzidwa kuti akapume. Mayi Shumba sanandibisire za ine.

"Mukhala miyezi isanu ndi umodzi, mundithandize kusamutsa zonse kuchoka m'makina akale. Zikatha, sindikunamizani, ntchito yanu yatha."

Tinasamutsa mndandanda wa zipangizo, wa ogula, ndi wa antchito amene analipo nthawiyo. Panatsala matepi akale a antchito amene anachoka kalekale. Seva inalibe polowetsa matepi aakuluwo, ndipo akuluakulu anati n'ngopanda ntchito. Anakonza zoti awatenthe, makina achiwiri aja n'kuwagulitsa kwa ogula zitsulo Lolemba lotsatira.

Ndinapita kukawauza a Lameki kunyumba kwawo kulokeshoni. Iwo anali mtchona weniweni. Anakwatira mkazi wa komweko, anabereka ana asanu, ndipo ku Malomo anali asanapondeko chichokereni.

"Tepi ya chizindikiro chofiira ija nayonso?" anafunsa.

"Nayonso."

A Lameki anasendera pafupi nane.

"Mphwanga, m'menemo muli munthu aliyense amene analowapo pageti la kampani ija. Dzina, mudzi, boma, tsiku lolowa, tsiku lotuluka. Theka lake ndi anthu akwathu. Ndinaisamala zaka zonsezi, koma sindinaonepo zimene zili m'katimo."

Ndinakapempha Mayi Shumba kuti atilole kuyatsa makinawo Loweruka komaliza, tisindikize tepi imodziyo. Ndinkayembekezera kuti akana.

"Bambo a mayi anga anachokera kwanu," anatero. "Kwinakwake kumapiri. Dzina la mudzi palibe amene analisunga. Makiyi ndi awa. Pepala mugwiritse ntchito lotsala lija."

Loweruka m'mawa tinalowa awiri m'chipinda chozizira. Tepiyo inali itakhalitsa, inkamatirira. Itazungulira pang'ono a Lameki anakweza dzanja.

"Imitsa!"

Ndinaimitsa. Inali itayamba kung'ambika m'mbali. Anaidula ndi lumo, nailumikiza ndi zala zomwe zija zinkalephera mabatani, osayang'ana n'komwe. Tinayambiranso. Makina osindikiza anayamba kulira, pepala likupindika lokha pansi, mpaka dzuwa linapendeka.

Tinakhala pansi, ine ndikuwerenga mokweza maina a ku Dowa ndi ku Ntchisi, iwo akumvetsera. Ena ankawakumbukira n'kuseka. Uyu ankaba shuga, uyu ankavina bwino. Kumapeto kwa mzere uliwonse kunali chilembo chimodzi chosonyeza mmene munthuyo anachokera: wosiya yekha, wochotsedwa, kapena womwalira.

"Sitefano Kambalame, Malomo," ndinawerenga.

"Ameneyo tinakwera basi imodzi pobwera," anatero a Lameki. "Anamusamutsira ku Bulawayo, kenako zii. Anathawira ku Joni."

Ndinayang'ananso mzerewo, chala chili pomwepo.

"Achimwene, sanathawe. Pali chilembo cha imfa. Anamwalira chaka chachiwiri atapita ku Bulawayo. Alemba kuti anaikidwa komweko."

A Lameki anavula magalasi awo.

"Werenganso."

Ndinawerenganso.

"Anasiya mkazi, Nankhoma, ndi mwana wakhanda," anatero, mawu akuchokera kutali. "Mkaziyo anandilembera kufunsa za mwamuna wake. Ine ndinamva mphekesera pakomboni, n'kumuyankha kuti anathawira ku Joni ndi mkazi wina. Imeneyo ndiyo kalata yomaliza imene ndinalemba ku Malomo."

Tinazimitsa makinawo, iwo n'kutseka chitseko okha.

Mulu wa pepalawo sindikanatha kulowa nawo m'dziko muno. Masiku amenewo munthu wopezeka ndi mndandanda wa maina a anthu okhala kunja akanatha kutengedwa osaonekanso. Ndinasankha a ku Dowa ndi ku Ntchisi okhala ndi chilembo cha imfa. Analipo khumi ndi anayi. Ndinawakopera ndi dzanja kumasamba akumapeto a buku langa la nyimbo, aliyense ndi mudzi wake, mwezi ndi chaka. Pepalalo linatsala kwa a Lameki.

Tsiku lobwerera kwathu, a Lameki anandiperekeza kokwerera basi. Ndinawafunsa ngati sangabwere nawo, akaoneko kwawo ngakhale mwezi umodzi.

"Ndikafikira kwa yani?" anatero. "Iwe pita. Ukamuuze Nankhoma kuti Lameki ananama osadziwa."

Sindinawaonenso.

Pachipata cholowera m'dziko, wofufuza katundu anatsegula buku la nyimbo lija mpaka anafika pa mainawo.

"Awa ndani?"

"Anthu akwathu omwalira, bwana. Timawakumbukira."

Anawerenga awiri atatu, nandibwezera bukulo.

Kunyumba ndinapeza kuti mudzi wanga unaphunzira kukhala popanda ine. Nachisale anali atamanga zigafa ziwiri za fodya, ndipo ankadziwa yekha nthawi yofesa, yothyola ndi yodinda. Esinati anali ndi mwana wake kumbuyo, ndipo ankandigwadira ngati mlendo wa kumpingo. Anyamata anga awiri akafuna chinthu ankandidutsa kupita kwa amayi awo. Palibe amene anandinyoza. Kungoti sindinkadziwa ngakhale pamene pankakhala makasu.

Ndinayamba kuyenda ndi njinga m'midzi ya omwalira aja kukauza abale awo, buku la nyimbo lili m'thumba. Pamudzi wina ndinapeza mabwinja okhaokha. Pena anandilandira ndi misozi n'kundiphera nkhuku. Pamudzi wina cha ku Mtengowanthenga bambo wina anandithamangitsa, akuti mchimwene wake ali moyo ndipo adzabwera ndi galimoto. Za ku Malomo ndinkazengereza, mpaka Nachisale anandifunsa chifukwa chake. Nditamufotokozera anamanga mpango kumutu.

"Uthenga wa maliro kwa mkazi sapereka mwamuna yekha. Tipita tonse."

Tinanyamuka m'mawa, iye atakhala pakaliyala, pazitunda tikutsika n'kumakankha. Nankhoma tinamupeza pakhonde akusenda mtedza, mayi wa imvi, wowonda. Pafupi naye panali bambo wamtali akukonza mpini. Amenewo anali a Gomani, amuna ake achiwiri. Titapatsana moni ndinanena kumene ndachokera. Nankhoma atangomva dzina la Halale, manja ake anaima.

"Ngati akutumani a Kambalame, muwauze kuti kuno kulibe chawo."

Nachisale anasendera pafupi naye pamphasa, namugwira dzanja. Ine ndinatsegula bukulo n'kuwerenga dzina, mwezi ndi chaka. Ndinanenanso mawu a a Lameki monga anandiuzira.

Nankhoma anawerengera ndi zala.

"Chaka chimenecho mwana anali akuphunzira kuyankhula," anatero. "Ndiye kuti sanandithawe?"

"Sanakuthaweni, mayi."

"Ndinadikira zaka zisanu ndi zinayi. Nditalowa m'nyumba ya bambo awa anandidula kumpingo, akuti mwamuna wanga ali moyo. Kuyambira pamenepo ndimakhala kumbuyo, Mgonero umandidutsa." Anayang'ana mtedza uli m'lichero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikutukwana munthu ali m'manda. Mwana wake ndinamuphunzitsa kudana naye."

Kenako analira, kulira kwa maliro atsopano, mpaka amayi a nyumba zoyandikana anabwera akuthamanga. A Gomani anaika mpini pansi, navula chipewa.

Sabata yotsatira akulu a mpingo wa kumeneko anandiitana. Anafunsa ngati ndili ndi kalata ya imfa. Ndinawaonetsa zolemba za dzanja langa, n'kuwafotokozera za tepi ija mmene ndikanathera. Mkulu wina wokalamba anandifunsa ngati makina sanama.

"Makina amasunga zimene anthu anawauza," ndinayankha. "Mphekesera yoti anathawa inachokera pakomboni. Koma kampani sinkalemba imfa ya munthu isanamuike m'manda."

Ananditulutsa n'kukambirana okha. Atandiitananso anati Nankhoma anali wamasiye pamene ankakwatiwanso, ndipo abwezeretsedwa ukwati wawo ukadalitsidwa.

Abale a Sitefano anakonza maliro opanda mtembo. Tinapitanso ine ndi Nachisale. Anthu anaimba nyimbo kuyambira m'mawa, ndipo mwana uja, tsopano bambo wa ndevu, anakhala patsogolo mutu uli pansi. Nkhuni zonse za pamaliropo anadula ndi a Gomani. Itafika nthawi yoyankhula anaimirira n'kunena mawu ochepa: kuti analera mwana wa munthu amene ankamuyesa woipa, ndipo akupepesa kwa malemuwo pamaso pa abale ake.

Pobwerera, tikukankha njinga pachitunda chachitali, Nachisale anayamba kuyankhula osandiyang'ana.

"Nanenso panali munthu."

Ndinaima.

"Chaka chija munakhala osalemba kalata ngakhale imodzi. Anali mphunzitsi, mkazi wake anamwalira. Anapita kawiri kwa amalume kukandifunsira ukwati."

Chaka chimenecho ndinkachidziwa. Ndi chimene ndinkalimbana ndi buku lochindikala lija, ndikuopa kuchotsedwa ntchito. Ndinkati ndilemba zinthu zikakhazikika.

"Ndiye unawayankha chiyani?"

"Ndinati andidikire mpaka mvula igwe. Mvula inagwa, ine osayankha. Kalata yanu inafika chimanga chili m'maondo."

Iye anagwira chishalo cha njinga kumbuyo n'kuyamba kukankha.

"Tiyeni," anatero. "Kwatsala chitunda chimodzi."